Tsiku Lomwe Tinazula Magolo

Mlongo wanga ndinamuphunzitsa ndine kugwira mpira. Pamenepa palibe angatsutse, ngakhale mwini wakeyo. Ndinali goloboyi wa timu ya anyamata a m'mudzi mwathu, kumtunda kwa Matandani, ndipo goloboyi amafuna munthu womuponyera mpira madzulo. Anzanga ankatopa msanga, ndiye ndinkaitana iyeyo akangotula ndowa. Kuseri kwa nyumba yathu kuli mitengo iwiri ya mapichesi yoyang'anizana, imeneyo ndiyo inali golo lathu. Iye ankaponya chikulunga cha majumbo, ine n'kumadumpha.

Tsiku lina anati, "Achimwene, tisinthane, nanunso mumve mmene mkono umawawira."

Ndinamuimika pakati pa mitengo ija kuti ndimuseke. Ndinamenya mwamphamvu, anaugwira. Ndinamenyanso, tsopano ndi ukali, anaugwiranso, n'kugwa nawo m'fumbi, n'kudzuka akuseka. Kuyambira pamenepo ndinayamba kumuuza zimene ndinkadziwa. Usamayang'ane nkhope ya womenya, nkhope imanama, uziyang'ana phazi limene waponda nalo. Usamagwere chigongono. Ukaugwira uukumbatire ngati mwana.

Ine sukulu ndinaisiyira mu Sitandade 7. Anthu amati ndili ndi mtima wapachala, ndipo sanama. Ndinachedwa tsiku lina chifukwa mtsinje unadzaza, ahedi n'kundipatsa chibalo chokumba dzenje la zinyalala. Ndinakumba pang'ono, anzanga akusuzumira pa mawindo, kenaka ndinagenda chitseko cha ofesi ndi khasu lomwelo n'kumapita. Sindinabwerere. Ndinayamba kulima ndi abambo, masiku ena kupalasa njinga ya matumba a kachewere kupita ku Boma. Mlongo wanga anandipitirira, anafika Sitandade 8. Pasukulupo ndinkangopondapo Lamlungu, popeza bwalo la mpira la mudzi wonse ndi la sukulu lomwelo, ndipo kwathu ambiri amapemphera Loweruka, ndiye mpira umagwera tsiku linzakelo.

Bwalo linali la sukulu, koma magolo anali athu. Tinadula tokha mitengo ya bulugamu, tinaisenda, tinaizika. Pansi pa mtengo wakumanzere wa golo lakumtunda panali kabotolo. Anakakatenga kwa sing'anga wina wa cha kumalire ndi kaputeni wathu, mnyamata wometa anthu pa kashopu ka pamphambano, wamkulupo kwa ine, wa pakamwa pothwa ngati lumo lake lomwe. Loweruka ankaimba kwaya ndi mawu okoma, Lamlungu n'kumatikumbutsa malamulo a khini, mankhwala a m'kabotolomo. Malamulowo anali awiri. Goloboyi asadye therere tsiku la mpira. Munthu wamkazi asaime kapena kudutsa pakati pa golo limenelo, mankhwala angasuluke. Chaka chimenecho sitinagonjepo pakhomo, ndipo ine ndinkakhulupirira ndi mtima wonse. Ndikaima pagolo lakumtunda ndinkaona ngati lachepa, ngati manja anga akufika paliponse. Njira ya kumjigo imadutsa pabwalo pomwepo, koma azimayi ndi atsikana akafika pagolopo ankalambalala okha, osawauza munthu.

Kenaka pasukulu panabwera madamu atsopano ochokera kutauni. Anapeza atsikana akusewera ntchemberembaye pa kabwalo kotsetsereka kuseri kwa zimbudzi, anyamata ali ndi bwalo lonse. Madamuwo anayambitsa timu ya atsikana ya mpira wamiyendo. Kaputeni analankhula ndi akuluakulu a komiti ya sukulu, ndipo atsikana anauzidwa kuti azisewera chopingasa bwalo, magolo awo akhale miyala. Chifukwa chenicheni sanawauze madamuwo. Mlongo wanga anamuika pagolo.

Kunyumba nkhaniyi sinalandiridwe bwino. Amayi ankati mpira ukamumenya pamimba sadzabereka. Abambo ankati mwana wamkazi wa mayeso chaka chomwecho sangamagwe m'fumbi anthu akuona. Madamu anachita kubwera kwathu, anakhala pa mphasa pansi pa mapichesi aja, n'kufotokoza kuti sukulu za m'dera lathu zipikisana, ndipo yopambana ipita ku Boma kumene kukabwere anthu odzasankha atsikana aluso. Abambo anamvetsera mpaka pamapeto, popeza salankhula mlendo akulankhula.

"Chabwino, aphunzitsi," anatero. "Asewere. Akafika ku Bomako ndiye kuti ndi mphatso yake, sindimuletsanso. Akathera konkuno, basi, zithere pomwepo. Awerenge."

Mlongo wanga anali atagwada pakhomo la khitchini, akumva. Ku Boma anali atapitako, koma kuchipatala kokha. Usiku wa tsiku limenelo sanadye bwino ndi chimwemwe.

Ine zinandivuta kwina. Pa kashopu ka kaputeni ndi pamene tinkacheza, ndipo nkhani inasanduka ine.

"Kodi kwanu goloboyi ndi ndani, iwe kapena achemwali ako?"

"Akuti mpira akaugwira sulavuka. Uyu wathuyu amalavula ngati khanda."

"Alamu, mukawapatse moni kunyumba, muwauze kuti timu yathu ikufuna munthu."

Ndinamenyapo mmodzi khofi, anzathu n'kutileretsa. Koma chodabwitsa n'chakuti madzulo ena ndinkadutsira dala kusukulu, n'kuima kuseri kwa mabulugamu kumuonera. Akadumpha bwino, mumtima ndinkati ndi ine ameneyo. Ndikaona munthu akubwera, ndinkanamizira kukonza tcheni cha njinga.

Atsikana aja anapambana masewero awo oyamba koyenda. Kunatsala amodzi, apakhomo, Lachisanu, ndi sukulu ya kutsidya kwa mtsinje. Wopambana ndiye wopita ku Boma. Masewero oterewa sasewera ndi miyala, amafuna bwalo lonse ndi magolo enieni. Ifenso Lamlungu lake tinali ndi mpira waukulu ndi timu imene inatichititsa manyazi kwawo chaka chinacho.

Lachinayi kaputeni anatiitana. Ankameta munthu uku akulankhula.

"Mawa mlongo wako aima pagolo lako," anatero, akundiyang'ana pa galasi. "Ukamuuze adwale."

"Sangandimvere."

"Eti sangakumvere. Mwana wobadwa pambuyo pako."

"Ndati sangandimvere. Ukamuuze wekha."

"Ndiye tizule," anatero. "Mitengo ndi yathu. Anadula nafe madamuwo?"

Palibe anatsutsa. Ine ndinayang'ana tsitsi limene linali pansi. Ndinkadziwa zimene abambo ananena pansi pa mapichesi, anzangawo sankadziwa. Ndikanatha kunena. Koma ndinkadziwanso mmene akanasekera.

Madzulo ake mlongo wanga anandipeza ndikutsuka njinga. "Achimwene, mawa mundibwereke magolovesi."

"Savala mkazi amenewo."

Anandiyang'ana pang'ono. "Chabwino. Manja ndili nawo."

Tinazula Lachisanu m'mawa, dzuwa litakwera kale, ana ali m'makalasi. Sitinabise, kaputeni anati wobisa ndi wakuba. Tinagwedeza mitengo ija mpaka inakhwefuka, n'kuisolola. Madamu anatuluka choko chili m'manja.

"Mukuchita chiyani, anyamata inu?"

"Tikukakonza, madamu," anatero kaputeni mwaulemu wonse. "Chiswe chadya."

"Chiswe chake chadya lero?"

"Chiswe sichiona kalendala, madamu."

Anzanga anaseka. Ine ndinasenza mtanda wa pamwamba. Kalasi ya Sitandade 8 imayang'ana kubwalo, ndipo mawindo ake alibe magalasi. Ndinatembenuzira nkhope kumapiri mpaka tinatuluka pasukulu. Mitengo tinakaiunjika kuseri kwa kashopu, ine n'kupita kudimba ngati palibe chachitika.

Nthawi imeneyo ndinkakonzeka kumanga gowelo langa. Ndinali nditatopa kugona pabalaza ngati mwana. Mitengo yake ndinkadula pang'onopang'ono kuphiri, yowongoka yokhayokha, n'kumaiunjika pambali pa nkhokwe. Masana nditabwera kudimba, khasu lili paphewa, ndinapeza muluwo wachepa. Nsichi zazitali zinayi kunalibe, mitanda iwiri yabwino kwambiri kunalibe.

"Anabwera atsikana gulu, asenza," anatero amayi, akupeta. "Mlongo wako wati iwe wavomera."

Ndinangotembenuka, khasu lili paphewa pomwepo, ulendo kusukulu. M'njira monse ndinkalankhula ndekha.

Zimene zinachitika ndisanafike ndinazimva pambuyo pake. Alendo aja anayenda wapansi kuwoloka mtsinje, n'kupeza bwalo lopanda magolo. Mphunzitsi woyimbira mpira, wochokera kusukulu ina, anati ngati magolo sapezeka, apakhomo agonja osasewera. Ndi pamene mlongo wanga anatenga anzake n'kuthamangira kwathu. Mitengo yanga anaiika m'maenje omwe aja tinasiya, anatsendera dothi ndi zidendene, mitanda n'kumangirira ndi luzi.

Ndinapeza anthu ambiri kuposa amene amabwera ku mpira wathu. Azimayi anasiya ndowa m'mbali mwa bwalo, akuimba ndi kulululutira. Chinali chigawo chachiwiri, atsikana athu akutsogola ndi chigoli chimodzi. Mlongo wanga anali pagolo lakumtunda, wopanda nsapato, manja osavala kanthu, siketi atakwinyira m'kabudula wanga wakale. Ndikufika, mtsikana wina wamtali wa kutsidya anatsala yekha ndi iye. Ndinaona mlongo wanga akutsitsa maso kuyang'ana phazi. Anagwera kumanja mpira usanamenyedwe n'komwe, ndipo unamupeza komweko. Anaukumbatira. Bwalo lonse linaphulika. Ine mkwiyo unayamba kuzizira. Ndinatsitsa khasu, ndipo ndikanakhala ndekha ndikanangoima pomwepo mpaka wezulo womaliza.

Kaputeni anandigwira pamkono. Nkhope yake sinali yoseka.

"Kabotolo unachotsa?"

"Ine? Si iwe unachotsa?"

"Golo ndi lako."

"Unakakatenga ndiwe."

Tinayang'anana. Tinazula mitengo, tinasenza mpaka pamphambano, koma chinthu chimene tinkatchinjiriza tinachisiya m'dzenje momwemo. Aliyense ankayesa kuti mnzake watola. Atsikana anangozika nsichi yanga pambali pake.

"Ndiye zatha kale," ndinatero. "Goloboyi wa kutsidya waima pomwepo chigawo chonse choyamba."

"Uja ndi mlendo, mankhwala samudziwa. Uyu ndi magazi ako. Akasulula, wasulula iweyo. Lamlungu udzamwa zigoli ngati thobwa."

"Dikira mpira uthe."

Anzathu ena anali atatizungulira. Mmodzi, yemwe ndinamumenya khofi uja, anati, "Musiyeni. Mitengo ya gowelo wapereka, kabudula wapereka, golo wapereka. Chatsala ndi ndevu, nazonso apereka."

Zimene ndinamva m'mutu mwanga ndi zomwe ndinamva tsiku la chibalo lija, anthu ali pa mawindo. Ndinatola khasu. Ndinazungulira kuseri kwa golo. Mpira unali kumunsi, woyimbira sanandione. Ndinayamba kukumba patsinde pa nsichi yakumanzere.

Mlongo wanga anacheuka. "Achimwene, mukutani?"

"Yang'ana kutsogolo."

"Chonde, dikirani uthe. Kwatsala pang'ono."

"Mitengo yanga unapempha ndani?"

"Ndibweza. Ndisenza ndekha, ndikaika pomwe ndinaipeza. Chonde, achimwene."

Ankalankhula motsitsa mawu, maso akuthamangira kumpira n'kubwerera kwa ine. Anthu a pafupi anayamba kuseka, ankayesa masewera. Ndinakumba mwamphamvu. Nsichi ija sinazikike ngati mmene timazikira ife, inangotsenderedwa ndi mapazi a ana. Inapendekeka. Luzi linapulumuka, ndipo mtanda, umene ndinausankha ndekha kuphiri chifukwa cha kulemera kwake, unatsika n'kumugwera mlongo wanga paphewa. Anakhala pansi atagwira phewalo.

Wezulo unalira. Mphunzitsi wa alendo aja anandithamangira n'kundikoka malaya. Ndinamukankha, anagwa chagada, ndipo ndinapezeka kuti khasu ndalikweza m'mwamba. Sindinamumenye nalo. Koma ana anaona khasu lili m'mwamba, anabalalika akulira, ena kuthawira m'chimanga, azimayi kugubuduza ndowa zawo. Woyimbira anaitana aphunzitsi a mbali zonse pakati pa bwalo. Sanakambirane nthawi yaitali. Anati alendo sali otetezeka, mpira wathera pomwepo, ndipo popeza chisokonezo chachokera kwa eni bwalo, opita ku Boma ndi a kutsidya. Madamu anachonderera, anatchula chigoli chimene atsikana ake anali nacho. Woyimbira anangopukusa mutu n'kuika wezulo m'thumba.

Ine ndinali ndidakali pagolo, kabotolo kali m'manja. Kanali kabotolo ka mankhwala a chifuwa, komangidwa ulusi wofiira pakhosi, m'kati muli zakudakuda. Kanali kakang'ono kuposa mmene ndinkakumbukirira. Kaputeni anadutsa n'kukalanda mwachangu, n'kusowa m'gulu. Anzanga onse anasowa naye. Amene anabwera pamene ndinaima ndi ahedi, omwe aja a chibalo, tsitsi litayamba imvi. Ndinkayembekeza kuti akalipe, ndipo ndinali wokonzeka kuyankha. Anayang'ana dzenje, anayang'ana ine.

"Unachoka pano ndi khasu," anatero, "wabweranso ndi khasu."

Anapita kukadzutsa mlongo wanga.

Mlongo wangayo sanalire. Anthu ankati apite kuchipatala, anakana, anati fupa silinathyoke. Iye ndi anzake anazula mitengo yonse ija n'kuyamba kusenza kubwerera kwathu. Mtanda umene unamugwera anasenza yekha paphewa linalo, mnzake atagwira kumbuyo. Ndinawatsatira patali. Nditafika ndinapeza aiunjika pambali pa nkhokwe, matsinde mbali imodzi, monga mmene ndinkaiunjikira ine.

Abambo anali atamva kale. Anakhala pakhonde akusoka thumba. Ndinakagwada patsogolo pawo, chinthu chimene sindinachite kuyambira ndili mwana.

"Ababa, sanagonje. Amatsogola."

"Ndinati akafika ku Boma. Wafika?"

"Akanafika. Ndasokoneza ndine."

"Ndikudziwa amene wasokoneza." Anapitiriza kusoka. "Ine ndinkaopa kuti mpirawu utibweretsera manyazi pakhomo pano. Ndinkayesa adzera kwa wamkazi. Koma abwera ndithu. Lero ndi phewa, mawa likhala diso kapena mutu. Ndili ndi mwana mmodzi amene akadali pasukulu. Ameneyo ndimusunga."

"Mundiletse ine, ababa, osati iye."

"Iwe unamverapo ndani?"

Mlongo wanga anali m'khitchini, amayi akumuthowa ndi madzi otentha. Anamva zonse. Sanatuluke kudzadzilankhulira. Madamu anabweranso mawa lake, abambo anawalandira bwino, anawapatsa mpando, anamvetsera mpaka pamapeto, koma mawu sanasinthe. Komiti ya sukulu nayo inakumana, n'kugwirizana kuti mpira wa atsikana uyambe waima mpaka mitima izizire. Za ife sanakambe zambiri. Anatiuza kuti tibwezere magolo, ine ndikapepese mphunzitsi wa kutsidya uja, ndipo ndinapita, ndinapepesa. Bwalo sanatilande.

Lamlungu m'mawa tinazika mitengo yathu ya bulugamu. Kaputeni anabwezeretsa kabotolo m'dzenje, atakafukizira ndi utsi wa masamba ena amene anati sing'anga anamuuza pa foni. Therere sindinadye. Ndinavala magolovesi anga n'kuima pagolo lakumtunda. Tinapambana. Ndinagwira ndi penate yomwe, ndipo ndinaigwira poyang'ana phazi. Mpira utatha anandinyamula m'mwamba, akuimba, uja anandinena za ndevu uja akutsogolera nyimbo. Kaputeni ankauza aliyense kuti ndikanachedwa pang'ono tikanalira lero.

Ndili m'mwambamo ndinaona mlongo wanga akuchokera kumjigo, ndowa ili pamutu, akuigwira ndi dzanja limodzi popeza linalo silinkakwera. Anayenda njira ya pabwalo monga mwa masiku onse. Atafika pagolo lakumtunda analambalala, anadutsa kuseri kwake ngati azimayi ena onse, osacheuka. Ndinauza anzanga kuti anditsitse, m'mimba mukundipota. Anaseka, anati ndi njala ya therere.

Mayeso mlongo wanga anakhoza. Pano ali ku sekondale yoyendera, ndipo kumeneko atsikana ali ndi ntchemberembaye yokha, imene iye sasewera. Mitima ija ikuoneka kuti sinazizirebe, popeza kusukulu kwathu atsikana abwerera pa kabwalo ka kuseri kwa zimbudzi, ndipo madamu aja anasamutsidwa. Gowelo ndinamanga ndi mitengo yomwe ija, panalibe ina. Mtanda uja uli pamwamba penipeni pa denga. Kumapeto kwake kudakali kachidutswa ka luzi ka mfundo imene atsikana anamanga, ndipo sindinakachotse.

Timalankhulana. Amandipatsa moni, amandiikira madzi osamba ikakhala nthawi yake, nyengo yozizira ndimamuona akudzisisita paphewa akamawerenga. Tsiku lina, mapichesi atayamba maluwa, ndinakulunga chikulunga chatsopano, cholimba bwino, ndi zingwe za matayala. Ndinamupeza pakhonde ndi kope lake. Ndinaika mpira ndi magolovesi pambali pake.

"Tiye kuseri," ndinatero. "Ndikuponyera ine. Ababa apita ku Boma."

Anatola magolovesi aja, anawatembenuza, anayang'ana pamene anang'ambika pa chala chachikulu. Kenaka anawaika pa mwendo panga.

"Ndili ndi zowerenga, achimwene."